Tisanapimitse Thonje, Tidziwe Mbiri ya Wogulayo

Kuchokera pa mlatho wa Luangwa, kudutsa Kacholola, Nyimba ndi Minga mpaka pa boma la Petauke, n'kukhotera kumpoto kulowa ku Msanzala kwa Mfumu Nyamphande ndi Mfumu Sandwe, n'kovuta kupeza mudzi womwe mulibe katundu wochokera ku China. Foni imene mayi amalandirira ndalama kuchokera kwa mwana wake ku Lusaka, sola ya padenga, wailesi, mpope wopopera mankhwala m'munda wa thonje, zambiri mwa izi n'zochokera kumeneko. Kampani ya China-Africa Cotton, yomwe inayambira ntchito zake ku Chipata, yakhala ikupereka mbewu ndi mankhwala pangongole kwa alimi a chigawo cha Kum'mawa n'kumawagula thonje lawo. Mu 2016 boma lathu linasainirana pangano ndi kampani ya China Civil Engineering Construction Corporation loti imange njanji ya makilomita 388 yochokera ku Chipata, kudzera pa Petauke, kukalumikizana ndi TAZARA ku Serenje, pa mtengo wa madola 2.26 biliyoni, koma mpaka lero sitima sinalirepo pa Petauke. Ndipo pamene Zambia inagwirizana ndi maiko omwe inawakongola, mu June 2023, za kabwezedwe katsopano ka ngongole ya madola 6.3 biliyoni, ndalama zoposa 4 biliyoni mwa zimenezo zinali za China. Dziko limene lalowa chonchi m'thumba mwathu, m'munda mwathu ndi m'nkhalango zathu tikanayenera kulidziwa bwino. Koma mwana wathu womaliza sekondale, yemwe angakufotokozereni za Bismarck ndi Hitler mosadodoma, kawirikawiri amasowa chonena mukamufunsa kuti anthu a ku China anadutsa m'zotani kuti afike pamene ali.

Chifukwa cha kusadziwa kumeneku, nkhani ya China kwathu kuno imakambidwa ndi mawu awiri okha. Ena amati Matchaina ndi abwenzi a pamtima omwe anatimangira njanji azungu atatikana, choncho tisamawafunse zambiri. Ena amati ndi atsamunda atsopano omwe abwera kudzatha mitengo ndi miyala yathu, choncho achoke. Mawu onse awiriwa samuthandiza mlimi wa ku Ukwimi pa tsiku lopimitsa thonje. Ine ndikuti mbiri ya China, kuyambira maufumu akale mpaka lero, kwakukulu ndi mbiri ya alimi ndi boma lawo, komanso ya dziko lomwe linamangidwapo ndi mapangano opondereza n'kutsimikiza mtima kuti silidzasainanso otero. Amene waidziwa mbiri imeneyi amakhala ndi muyeso woyesera Mtchaina aliyense wobwera kudzachita malonda kuno, muyeso umene anthu a ku China eni ake anaupeza movutikira. Amakhalanso ndi muyeso woyesera boma lake lomwe, ndipo umenewu mwina ndiwo wofunika koposa.

Zolemba zakale kwambiri za anthu a ku China ndi mafunso amene olosera a mafumu a banja la Shang ankalemba pa mafupa a ng'ombe ndi zigoba za akamba cha m'ma 1200 Khristu asanabadwe, zomwe zinafukulidwa ku Anyang. Ambiri mwa mafunsowo ndi a mlimi: ngati mvula igwa, ngati mapira acha bwino chaka chimenecho. Banja la Zhou litalanda ufumu cha m'ma 1046 Khristu asanabadwe, linabwera ndi chiphunzitso chomwe chinakhala zaka pafupifupi 3,000, choti mfumu imalamulira mwa chilolezo cha Kumwamba, ndipo chilolezocho chimalandidwa ikasiya kusamala anthu. Njala, kusefukira kwa mitsinje ndi kuukira kwa alimi zinkaonedwa ngati chizindikiro choti chilolezocho chachoka. Chiphunzitsochi sichinali cha pakamwa chabe. Qin Shi Huang, yemwe anaika dziko lonse pansi pa ufumu umodzi mu 221 Khristu asanabadwe, anachita zinthu zazikulu: kalembedwe kamodzi, ndalama imodzi, ndiponso miyeso imodzi ya kulemera ndi kuchuluka kwa zinthu, kuti sikelo ya m'chigawo ichi isasiyane ndi ya m'chigawo icho. Aliyense amene anaimapo pa msika wa thonje maso ali pa sikelo ya wogula akudziwa kuti imeneyi si nkhani yaing'ono. Koma mfumu yomweyo inachotsa amuna miyandamiyanda m'minda yawo kukagwira chibalo pa linga lalitali la kumpoto ndi pa manda ake. Itamwalira mu 210, chaka chotsatira gulu la alimi otengedwa mokakamiza, lotsogozedwa ndi Chen Sheng ndi Wu Guang, linaukira, ndipo pofika 206 ufumu wa Qin unali utatha, utakhala zaka 15 zokha.

Banja la Han, lomwe linalamulira zaka pafupifupi 400, linatengapo phunziro. Linatsitsa msonkho wa zokolola kufika pa gawo limodzi mwa magawo 30. Linawerenga anthu ake, ndipo kalembera wa m'chaka cha 2 Khristu atabadwa anapeza anthu oposa 57 miliyoni. Mu 54 Khristu asanabadwe, nduna ina yotchedwa Geng Shouchang inakhazikitsa nkhokwe za boma zogula mbewu pa mtengo wabwino zikachuluka n'kutsika mtengo, kuzisunga, ndi kuzigulitsa motsika pa nthawi ya njala. Imeneyi ndiyo ntchito yomwe bungwe lathu la Food Reserve Agency linakhazikitsidwira, ndipo mlimi wa ku Nyimba yemwe anaperekapo chimanga ku depoti n'kudikira malipiro mpaka mvula yoyamba itagwa ali ndi ufulu wodziwa kuti ena anaona kalekale kuti nkhokwe zotere zimaima kapena kugwa ndi chikhulupiriro cha mlimi. Ku Sichuan, ngalande zothirira za Dujiangyan zomwe Li Bing anakumbitsa cha m'ma 256 Khristu asanabadwe zikuthirirabe minda mpaka lero. Mu 1012, mfumu Zhenzong ya banja la Song inagawa kwa alimi mbewu ya mpunga wocha msanga ndi wopirira chilala wochokera ku Champa, komwe lero ndi mbali ya Vietnam. Zonsezi zikusonyeza boma lomwe linkadziwa kuti mpando wake wakhazikika pa munda wa munthu wamba, ndipo nthawi iliyonse imene linaiwala zimenezi, alimi analikumbutsa ndi nkhondo.

Thonje lili ndi malo ake m'mbiri imeneyi, ndipo pano mlimi wa ku Msanzala atchere khutu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, mayi wamba dzina lake Huang Daopo anabwerera kwawo ku Songjiang, pafupi ndi pamene pali Shanghai lero, atakhala zaka zambiri pa chilumba cha Hainan, n'kuphunzitsa anzake njira zabwino zochotsera njere m'thonje, zopotera ulusi ndi zolukira nsalu. Dera limenelo linasanduka likulu la nsalu m'dziko lonse. Zhu Yuanzhang, mwana wa alimi osauka yemwe makolo ake anafa ndi njala ndi mliri, yemwe anapemphapo chakudya m'misewu, ndiye anathamangitsa mafumu achimongoli n'kuyambitsa ufumu wa Ming mu 1368, ndipo analamula alimi kuti azibzala thonje pambali pa mbewu zina. Chofunika kuchiona n'chakuti thonje lambiri silinkachoka m'dziko lili laliwisi. Linkapotedwa ndi kulukidwa m'midzi momwemo, ndipo phindu la ntchito yonse, kuyambira pa khasu mpaka pa nsalu, linkatsala kumeneko. Makolo a m'zigwa za Zambezi ndi Shire nawonso ankaluka nsalu zawo za machila. Luso limenelo linafa nsalu za m'mafakitale a kunja zitadzaza misika.

Ndi m'nthawi ya Ming yomweyo pamene zombo za Zheng He zinapanga maulendo 7 pakati pa 1405 ndi 1433, zina n'kufika ku Mogadishu ndi Malindi, ndipo nyamalikiti wochokera ku Africa anakaonetsedwa ku bwalo la mfumu ya China. Mbale zadothi za ku China zinafika mpaka mkati mwa dera lathu kudzera mwa amalonda a kugombe: zidutswa zake zinapezeka ku Great Zimbabwe, ndipo katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anazipezanso ku Mankhamba, likulu la Kalonga wa Amaravi. Katundu wa ku China si mlendo wa dzulo kuno. Ufumu wa Ming nawo unagwa mu 1644, pamene khamu la alimi anjala lotsogozedwa ndi Li Zicheng linalowa mu Beijing, ndipo banja la Qing lochokera ku Manchuria linatenga mpando.

Chigawo cha mbiri chomwe mwana aliyense wa sukulu ku China amachidziwa pamtima chinayamba mu 1839. Amalonda a ku Britain ankafuna tiyi ndi silika wa ku China, koma analibe katundu wokwanira yemwe Matchaina ankamufuna, choncho ankalowetsa mankhwala ozunguza bongo otchedwa opium ochokera ku India. Nduna ya mfumu, Lin Zexu, inalanda mabokosi pafupifupi 20,000 a mankhwalawo n'kuwaononga ku Humen. Britain inayankha ndi zombo zankhondo, ndipo pangano la Nanjing la mu 1842 linakakamiza China kupereka Hong Kong, kutsegula madoko 5 ndi kulipira ndalama zasiliva 21 miliyoni. Mapangano otsatira anamanga msonkho wa katundu wolowa m'dziko pa 5 peresenti kapena pafupi pamenepo, ndipo mlendo wolakwa sankazengedwa mlandu m'makhoti a China. France, Russia, America, Germany ndi Japan aliyense anadzatenga gawo lake. Mu 1860 asilikali a Britain ndi France anafunkha nyumba yachifumu ya Yuanmingyuan, ndipo inatenthedwa. Mu 1895 Japan inalanda Taiwan. Mu 1901 China inalamulidwa kulipira chindapusa chomwe chinayenera kutenga zaka 39. Mkati mwa dziko, nkhondo ya Taiping ya pakati pa 1850 ndi 1864 inapha anthu osachepera 20 miliyoni. Umphawi unafika poti amuna oposa 60,000 a ku China anatengedwa kukagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku Transvaal pakati pa 1904 ndi 1910, n'kumagona m'makomboni otsekedwa, ku Joni komweko komwe agogo athu ambiri anakathera mphamvu zawo. China sinabwezeredwe ufulu wozenga milandu alendo a ku Britain ndi America mpaka 1943, ndipo Hong Kong inabwerera mu 1997.

Ife a Kum'mawa nkhani yotere sitiimva ngati ya kutali. M'zaka zomwezo, pepala lomwe Carl Wiese ankati analandira kwa Mpezeni linasanduka maziko a kampani ya North Charterland Exploration, yomwe inadzitengera malo okwana masikweya mailosi 10,000, kuphatikizapo dziko la Ansenga ku Petauke. Angoni atagonjetsedwa mu 1898 ndipo Nsingo ataphedwa, patapita zaka anthu anakankhidwira m'malo opanikizana osungirako eni dziko, nthaka yabwino itasungidwira azungu omwe ambiri sanabwere n'komwe, mpaka boma linagulanso mbali yaikulu ya malowo mu 1941. Mtchaina wophunzira akamva mawu oti pangano lopondereza amadziwa kuwawa kwake. Choncho tikamuuza kuti pangano lakutilakuti silikutikomera, tikulankhula chinthu chimene iye anaphunzira ali mwana.

Ufumu unatha mu 1912, kenako kunabwera zaka za akuluakulu ankhondo olimbirana zigawo, nkhondo ya Japan ya 1937 mpaka 1945, ndi nkhondo yapachiweniweni yomwe chipani cha Mao Zedong chinapambana mu 1949, kwakukulu chifukwa chinalonjeza alimi malo. Malo anagawidwadi, ngakhale kuti eni minda ambiri anaphedwa pochita zimenezo. Koma pofika 1958 boma linali litasonkhanitsa minda yonse m'magulu akuluakulu a onse pamodzi, alimi n'kuchotsedwa m'minda kukasungunula zitsulo m'ng'anjo za kuseri kwa nyumba. Akuluakulu a m'zigawo, poopa kuoneka olephera, ankatumiza ku likulu ziwerengero zabodza za zokolola, ndipo boma linkatenga mbewu molingana ndi bodzalo, zina n'kumagulitsa kunja, anthu akufa m'midzi. Nduna ya zachitetezo Peng Dehuai itanena zoona mu 1959 inachotsedwa pa udindo. Akatswiri amasiyana pa chiwerengero cha omwe anafa ndi njala ya 1959 mpaka 1961, kuyambira 15 miliyoni mpaka 45 miliyoni, koma ngakhale chochepacho n'choopsa. Mbali imeneyi iyenera kuphunzitsidwa mosabisa, chifukwa ikuonetsa zimene zimachitika boma likamalamula munda lili kutali ndipo palibe wololedwa kunena kuti kuno kuli njala.

Kusintha kunayambira pamunda. Chakumapeto kwa 1978, alimi 18 a m'mudzi wa Xiaogang m'boma la Fengyang, komwenso kunali kwawo kwa Zhu Yuanzhang, anadinda zala mobisa pa pepala logawana munda wa gulu kuti banja lililonse lizilima gawo lake, lipereke za boma, zotsala zikhale zake. Zokolola zinakwera, ndipo boma la Deng Xiaoping, mmalo mowalanga, linalola njirayo kufalikira dziko lonse. Mu 1979 linakweza mtengo wogulira mbewu kwa alimi ndi 20 peresenti. Zokolola za chakudya zinachoka pa matani 305 miliyoni mu 1978 kufika 407 miliyoni mu 1984, ndipo thonje linachuluka pafupifupi katatu m'zaka zomwezo. Ndalama zimene zinalowa m'thumba la mlimi ndizo zinadzutsa timafakitale ta m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono, toumba njerwa, tosoka zovala, tokonza zakudya. Shenzhen ndi nyumba zake zosanja zinakula pa maziko amenewa. Makampani akunja ataitanidwa, anaikiridwa malire: wofuna kupanga galimoto ankayenera kulowa m'mgwirizano ndi kampani ya m'dzikomo, monga inachitira Volkswagen ku Shanghai mu 1984, kuti luso litsale, ndipo nthaka ya kumudzi, yomwe ndi ya mudzi wonse, sigulitsidwa kwa mlendo. Mu 2006 boma linathetsa msonkho wa ulimi womwe unakhalapo zaka zoposa 2,000. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse imati anthu pafupifupi 800 miliyoni anatuluka mu umphawi wadzaoneni m'zaka 40. Mu 1978 chuma cha Zambia, chikagawidwa pa munthu mmodzimmodzi, chinkaposa cha China kopitirira kawiri. Lero cha China chimaposa chathu pafupifupi kakhumi.

Tsopano tiike muyeso umenewu pa zochitika kwathu. Madzi osefukira a mtsinje wa Yangtze ndi mitsinje ina atapha anthu oposa 3,000 mu 1998, boma la China linaletsa kudula mitengo m'nkhalango zachilengedwe za kumtunda kwa mitsinje ikuluikulu, ndipo pofika 2017 chiletso cha kudula kwa malonda chinakhudza nkhalango zachilengedwe za dziko lonse. Koma olemera a kumeneko sanasiye kukonda mipando ndi matebulo a mtengo wofiira osemedwa motengera a nthawi ya Ming ndi Qing, ndipo amalonda anatembenukira kunja. Ndi mmene mukula wathu unayambira kugwa, kuno Kum'mawa ndi m'zigawo zina. Ofufuza a bungwe la CIFOR ndi anzawo anapeza kuti mu 2016 mabuku a Zambia ankasonyeza kuti tinatumiza mitengo yosacheka yokwana makyubiki mita pafupifupi 3,000, pamene mabuku a China ankasonyeza kuti analandira pafupifupi 61,000 kuchokera kwa ife. Kusiyana kumeneko sikunapangidwe ndi wogula yekha; panali manja a Azambiya pa chikalata chilichonse, pa chotchinga cha pamsewu chilichonse ndi pa chipata chilichonse cha m'malire. Dziko lomwe linateteza nkhalango zake litaona maliro silingadabwe ife tikateteza zathu. Chimodzimodzi thonje. Mu 2012 mtengo unagwa kuchoka pa K3,200 kufika pa K1,600 pa kilogalamu, ndalama zakale, chifukwa cha kugwa kwa mtengo pa msika wa dziko lonse, ndipo makampani onse, a kulikonse komwe anachokera, anatsitsa limodzi. Alimi ena anafika potentha thonje ndi mkwiyo. Wogulitsa chinthu chachiwisi alibe pothawira mtengo ukagwa. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi ku Kabwe, yomwe inamangidwa ndi thandizo la China, inatsekedwa mu 2007 n'kukhala zaka zambiri makina ali chete. Funso loyenera kwa kampani iliyonse yogula thonje ku Petauke ndi lomwe China inkafunsa alendo ake: kodi ulusi, nsalu, mafuta a njere ndi luso zitsala kuno?

Wina anganene kuti kufunsa mafunso otere ndi kusayamika. Mfundoyi ili ndi maziko, ndipo ndiyenera kuilemekeza. Zambia inakhazikitsa ubale ndi China mu October 1964, patangopita masiku ochepa tilandire ufulu. Ian Smith atalengeza payekha ufulu wa Rhodesia mu 1965 n'kuika njira yathu ya kumwera pa chiswe, maiko a azungu anakana kumanga njanji yopita ku Dar es Salaam. China, yomwe panthawiyo inali yosauka kuposa ife, inapereka ngongole yopanda chiwongoladzanja n'kumanga makilomita 1,860 a TAZARA pakati pa 1970 ndi 1975, ndipo Matchaina oposa 60 anafera pa ntchitoyo pamodzi ndi abale athu a kuno ndi a ku Tanzania. Zimenezi siziyenera kuiwalika. Komabe ubwenziwo unali wa mbali ziwiri: Zambia inali m'gulu la maiko omwe anabweretsa chigamulo cha mu 1971 chomwe chinapatsa boma la Beijing mpando wa China ku United Nations. Ndiponso makampani a lero amabwera kudzapanga phindu, monga kampani iliyonse. Kuyamika manda a omanga TAZARA sikutilanda pakamwa pa anthu oposa 40 omwe anafa fakitale ya zophulitsira miyala itaphulika ku Chambishi mu 2005, kapena pa madzi a asidi omwe anatayikira mu Mwambashi ndi Kafue damu la zinyalala za mgodi la Sino-Metals litagumuka mu February 2025.

Wina anganenenso kuti kutamanda chitukuko cha China ndi kutamanda ulamuliro wa chipani chimodzi, womwe ife tinaukana mu 1991. Nkhawa imeneyi ndi yoona, chifukwa alipo andale mu Africa omwe amatenga phunziro lolakwika lomweli, loti dziko limatukuka anthu akakhala chete. Mbiri yomwe ndafotokozayi ikutsutsa zimenezo. Chipani chomwe chinatsogolera chitukuko cha pambuyo pa 1978 ndi chomwechonso chinatsogolera njala ya 1959, chipwirikiti cha 1966 mpaka 1976 chomwe chinatseka masukulu ndi kuzunza aphunzitsi, ndi kuwombera anthu ku Beijing mu June 1989. Chomwe chinasintha mu 1978 n'chakuti boma linamasula dzanja pa munda, n'kumulipira mlimi bwino. Chilala cha 2024 chitaotcha chimanga m'chigawo chino, mawailesi, mipingo ndi mafumu ananena poyera, ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza za tsokalo pa 29 February. Ufulu wonena kuti kuli njala ndi chuma chimene alimi a ku China analibe mu 1960, ndipo sitiyenera kuusinthanitsa ndi msewu kapena njanji iliyonse.

Chotsutsa champhamvu koposa ndi ichi: ana athu sadziwa ngakhale mbiri ya Ansenga, ya Kalindawalo ndi mwambo wa Tuwimba, nanga tiwasenzetserenji mafumu a Han ndi Ming? Ndiponso kudziwa za Lin Zexu sikukweza mtengo wa thonje ndi ngwee imodzi. Pa mbali yoyamba ndikuvomereza kuti yathu iyenera kutsogola, koma ziwirizi sizilimbirana malo. Nkhani ya North Charterland imamveka bwino ikaikidwa pambali pa ya Nanjing, chifukwa mwana amaona kuti zomwe zinachitikira agogo ake zinali mbali ya dongosolo lomwe linagwira dziko lonse lapansi, ndiponso kuti ena anatulukamo. Pa mbali yachiwiri, n'zoona kuti mlimi mmodzi payekha sangasinthe mtengo. Koma mapangano sasainidwa ndi mizimu. Lamulo la malo la mu 1995 limalola nthaka ya makolo kusandutsidwa ya lendi ya zaka mpaka 99 mfumu ndi khonsolo zikavomereza, ndipo ikatero kawirikawiri sibwereranso ku mudzi. Mfumu, nyakwawa, khansala, phungu, mlembi wa kopaletivu ndi woimira alimi ku Cotton Association of Zambia ndi anthu a pakati pathu, ndipo ndi iwo amakhala pa tebulo. Akakhala podziwa kuti mlendo amene ali nayeyo kwawo saloledwa kugula munda wa mudzi, kuti kwawo alendo ankakakamizidwa kusiya luso, kuti kwawo nkhalango n'zotetezedwa, amapempha zinthu zomwezo mopanda manyazi ndi mopanda chidani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo munthu sangafunse bwino za chinthu chimene sakuchidziwa.

Sukulu ya Confucius Institute inatsegulidwa pa University of Zambia mu 2010, ndipo chilankhulo cha Mandarin chayamba kuphunzitsidwa m'masukulu ena a sekondale. Zimenezi n'zabwino, koma mbiri ya dziko isaphunzitsidwe ndi boma la dzikolo lokha, chifukwa boma lililonse limasankha zokumbukira. Tikufunika aphunzitsi athuathu a mbiri, ndi timabuku ta m'Chinyanja ndi m'Chinsenga tofotokoza nkhokwe za Han ndi njala ya Mao yomwe, TAZARA ndi mukula womwe. Mawailesi a m'dera lino, monga PASME ndi Explorers ku Petauke kapena Breeze FM ku Chipata, angathe kupatula theka la ola pa sabata nyengo yogulitsa thonje isanayambe. A unduna wa zamaphunziro apatse mbiri ya China malo enieni m'silabasi, pambali pa ya Ulaya. Ndipo inu mafumu athu, makhansala ndi aphungu a Msanzala, Petauke ndi Nyimba, pangano lililonse la malo, mitengo, miyala kapena njanji lisanadindidwe, liwerengedwe poyera pa bwalo m'chilankhulo chimene anthu akumva, ndipo mufunse wobwera nalo ngati boma la kwawo likanalola mlendo kusaina lotero.